Sadaka ya ku Watts

Amalume anga anabwera kuchokera ku Joni ndi zinthu zitatu zimene mudzi wonse unkazidziwa: njinga, jekete lachikopa ndi gumbagumba. Njinga inatha, jekete anapatsa alamu awo, koma gumbagumba anaisunga mpaka ine ndinakula n'kuyamba kuzindikira zinthu. M'bokosi la mbale zawo munadzaza simanjemanje, monga zinalili ndi aliyense wochokera kumigodi, koma pansi penipeni panali chimbale china chimene mwana sankaloledwa kuchigwira. Chikuto chake chinkatambasuka n'kukhala ngati mtanda, ndipo pamtandapo panaima mwamuna wakuda wandevu, atavala mkanjo ndi magalasi akuda, manja atatambasula. "Ameneyu ndi Isaac Hayes," ankatero amalume. "Kwawo amamutcha Mose Wakuda."

Patapita zaka zambiri, iwo atakalamba, anadzakhala nafe kutauni kwa milungu ingapo. Usiku wina ndinawaikira pa laputopu kanema wa mu 1973 wotchedwa Wattstax, woonetsa chikondwerero chachikulu cha nyimbo cha dzina lomwelo chokumbukira zipolowe ndi moto wa ku Watts, poganiza kuti akondwa kumuona Mose wawo uja akuyenda ndi kuimba. Anakondwadi. Koma chimene chinawagwira mtima, chimenenso sichinandichoke ine mpaka lero, si Isaac Hayes. Ndi mdala wina wovala kabudula wapinki, amene anabweza khwimbi la anthu ndi pakamwa pokha. Kuti zimenezi zimveke kulemera kwake, tiyambe tabwerera kumoto.

Watts ndi dera la kummwera kwa mzinda wa Los Angeles ku California. Anthu akuda anakhamukira kumeneko makamaka nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kuthawa tsankho la ku Texas, Louisiana ndi Mississippi, kutsata ntchito m'mafakitale a ndege ndi sitima zapamadzi. Mu 1940 akuda mu Los Angeles analipo pafupifupi 63,000, koma pofika 1965 anali atakwana cha m'ma 350,000. Mzindawo unafuna manja awo, osati iwo eni. Mapepala a nyumba zambiri anali ndi mawu oletsa kugulitsa kapena kuchititsa lendi kwa munthu wakuda, ndipo ngakhale khoti lalikulu linagamula mu 1948 kuti makhoti asamatsatenso mawu otere, eni nyumba ndi mabanki anapitiriza mwakachetechete. Anthu anathithikana m'madera ochepa. Nkhondo itatha, ntchito zinayamba kusowa. Sitima zamagetsi zimene zinkanyamula anthu kupita pakati pa mzinda zinaleka kuyenda mu 1961, moti wopanda galimoto ankasintha mabasi kangapo kuti akafike kumene kuli ganyu. Chipatala chachikulu panalibe pafupi. Mu 1963 boma la California linakhazikitsa lamulo loletsa tsankho pa nkhani ya nyumba, koma mu Novembala chaka chotsatira anthu ovota, ambiri mwa iwo azungu, analigwetsa. Tangoganizani kudzuka m'mawa n'kumva kuti anthu a mumzinda mwako anafola pamzere dzulo, kuvotera zoti iwe usadzakhale nawo moyandikana.

Pamwamba pa zonsezi panali apolisi, pafupifupi onse azungu, motsogozedwa ndi William Parker. Mnyamata wakuda ku Watts ankakula akudziwa kuimitsidwa popanda chifukwa, kusechedwa, kutukwanidwa pamaso pa makolo ake.

Madzulo a Lachitatu pa 11 Ogasiti 1965, kunja kukutentha, wapolisi wapamsewu Lee Minikus anaimitsa galimoto ya Marquette Frye, mnyamata wa zaka 21, pomuganizira kuti akuyendetsa ataledzera. Panali pafupi ndi kwawo. Mayi ake, Rena Price, anathamangira pamalopo, ndipo poyamba anakalipira mwana wawo yemwe, monga akanachitira mayi aliyense. Anthu anaunjikana, apolisi ena anafika, kukokanakokana kunayamba, ndipo mapeto ake mayi ndi ana ake awiri anakwezedwa m'galimoto ya apolisi. Mphekesera inafala kuti apolisi amenya mayi woyembekezera. Usiku womwewo miyala inayamba kuuluka. Panali patangopita masiku 5 chisainire Pulezidenti Lyndon Johnson lamulo loteteza ufulu wa akuda wovota, koma ku Watts pepala limenelo silinaphike nsima ya munthu.

Zipolowe zinatenga masiku 6. Boma linatumiza asilikali pafupifupi 14,000. Anthu 34 anafa, ambiri mwa iwo akuda, ndipo ambiri anachita kuwomberedwa ndi apolisi kapena asilikali. Oposa 1,000 anavulala, oposa 3,400 anamangidwa, katundu wa ndalama zokwana madola 40 miliyoni anawonongeka. Msewu wa 103rd Street, pomwe panali masitolo a deralo, unapsa mpaka anthu anaupatsa dzina loti njira ya makala. Pofotokoza zimene zinachitika, Parker anayerekeza anthuwo ndi anyani a kumalo osungirako nyama, kuti mmodzi anaponya mwala ndiye ena onse n'kumatsanzira. Mawu amenewa muwasunge, tiwafunanso.

Sindikufuna kukometsa moto. Amene tinaona 20 Julayi 2011, pamene anthu pafupifupi 20 anaphedwa m'mizinda yathu, ambiri ku Mzuzu, tikudziwa mmene kumachera tsiku lotsatira: utsi, magalasi osweka, mayi akufunafuna mwana wake kuchipatala ndi kupolisi, ndipo golosale imene yapsa ndi yomwe ija munkakongolako shuga. Ku Watts nakonso amene anasauka kwambiri ndi moto uja anali eni dera omwe. Masitolo ambiri sanamangidwenso. Martin Luther King, mtsogoleri womenyera ufulu wa akuda, atapitako patangotha masiku ochepa, ena anamukuwiza, ndipo anachokako atazindikira kuti umphawi wa m'mizinda ya kumpoto ndi kumadzulo ndi chilombo china, chosiyana ndi zikwangwani za tsankho za kummwera. Boma linakhazikitsa komiti yofufuza motsogozedwa ndi John McCone, yemwe kale anali mkulu wa CIA, bungwe la ukazitape la America. Lipoti lake linatchula ulova, sukulu zosalongosoka ndi kusowa kwa chipatala, koma apolisi linawasisita.

Chimene chimandikoka ine ndi zimene anthu anachita phulusa lisanazizire. Noah Purifoy ndi mnzake Judson Powell anayenda m'misewu ndi ngolo, kutola zitsulo zopindika, matabwa opserera ndi zikwangwani zosungunuka, zolemera matani atatu, n'kupanga nazo ziboliboli 66 zimene zinaonetsedwa m'malo osiyanasiyana. Wolemba wina, Budd Schulberg, anatsegula kalasi ya zolembalemba, ndipo mmenemo munatuluka alakatuli otchedwa Watts Prophets, amene ankalakatula motsatana ndi ng'oma kalekale rap isanatchuke. Woimba piyano Horace Tapscott anali atasiya kale ntchito yabwino m'gulu la Lionel Hampton kuti aziimbira anthu akwawo, ndipo gulu lake linkaimba m'mapaki, m'matchalitchi ndi m'masukulu, nthawi zambiri kwaulere, kwinaku likuphunzitsa ana malipenga. Mu 1966 Maulana Karenga anayambitsa mwambo wa Kwanzaa, chikondwerero cha chaka ndi chaka cha akuda a ku America, mu Los Angeles momwemo, atabwereka dzinalo ndi mfundo zake, monga umoja ndi ujamaa, kuchokera ku Chiswahili. Anthu amene anachotsedwa mu Africa zaka mazana ambiri zapitazo ankafunafuna mawu oti adzitchulire okha, ndipo anadzawapeza kuno kufupi ndi kwathu.

Chaka chomwecho, pokumbukira kuti patha chaka chimodzi, achinyamata a m'deralo anayambitsa Watts Summer Festival, chikondwerero cha chaka ndi chaka, ndipo mmodzi mwa iwo, Tommy Jacquette, anadzachitsogolera kwa zaka zambiri. Mu 1967 amene anatsogolera perete anali Muhammad Ali, miyezi yochepa atamulanda lamba chifukwa chokana kupita kunkhondo ya ku Vietnam.

Mlendo angadabwe kuti anthu akuvina bwanji pokumbukira masiku amene abale awo anawomberedwa. Ife sitingadabwe. Kwathu maliro sathera kumanda. Pakapita nthawi abale amasonkhananso, ena amati kumeta, ena sadaka, ena amadikira tsiku loonetsa chiliza. Amaphika, amafulula thobwa, ng'oma zimalira. Dzina lotchulidwa ndi la womwalirayo, koma tsikulo ndi la otsala: kuwerengana kuti tilipo angati, ndani anasamuka, mwana wa uje wakula bwanji, awiri aja amene anayambana pamaliro kodi akudyera mbale imodzi tsopano. Ku Chileka anthu amasonkhana chaka ndi chaka kukumbukira Evison Matafale, yemwe anamwalira ali m'manja mwa apolisi mu Novembala 2001, ndipo amamukumbukira ndi magitala. Chikondwerero cha ku Watts ndimachimva motero. Chinali sadaka.

Sadaka yaikulu koposa inachitika m'chaka cha 7 cha chikondwererocho, ndipo amene anaiphika anachokera kutali, ku Memphis m'chigawo cha Tennessee. Kumeneko, m'nyumba yakale yoonetseramo kanema pa McLemore Avenue, munali kampani yojambula nyimbo ya Stax. Anaiyambitsa azungu awiri, Jim Stewart ndi mlongo wake Estelle Axton, ndipo dzinalo ndi zilembo zoyambirira za maina awo. Mumzinda momwe wakuda ndi mzungu sankaloledwa kudyera pamodzi, mu situdiyo imeneyo ankaimbira limodzi tsiku ndi tsiku. Oimba a Stax sanali alendo ku Los Angeles. Masiku ochepa moto wa 1965 usanabuke, anali ataimba pa holo ya 5-4 Ballroom kummwera kwa mzindawo, ataitanidwa ndi muulutsi wa pa wailesi Magnificent Montague. Iyeyu nyimbo ikamukoma ankakonda kufuula kuti ziyake, ndipo mfuu yomweyo ndi imene achinyamata anaitenga n'kumakuwa m'misewu nyumba zikuyakadi.

Stax nayo inali ndi maliro ake. Pa 10 Disembala 1967 ndege inagwera m'nyanja ya Monona ku Wisconsin, n'kupha Otis Redding, woimba wawo wamkulu, pamodzi ndi anyamata anayi a gulu la Bar-Kays. Posakhalitsa anazindikira kuti mgwirizano umene anasainira ndi kampani ya Atlantic unapereka nyimbo zawo zonse zakale m'manja mwa Atlantic. Kenaka pa 4 Epulo 1968 King anawomberedwa pa Lorraine Motel mu Memphis momwemo, malo amene oimba a Stax ankagonako, kudyerako ndi kupekerako nyimbo. King anabwera kudzathandiza anthu 1,300 otola zinyalala amene ankanyanyala ntchito anzawo awiri, Echol Cole ndi Robert Walker, ataphwanyidwa m'galimoto ya zinyalala momwe anabisala mvula. Onyanyalawo ankanyamula zikwangwani zonena chinthu chimodzi chokha, chakuti iwo ndi anthu.

Amene anadzutsa Stax anali Al Bell, mwamuna wakuda wochokera ku Arkansas, yemwe anayamba ngati muulutsi n'kudzakhala mwini wake wa gawo la kampaniyo. Pansi pa iye nyimbo za Stax zinayamba kulankhula poyera za ulemu wa munthu wakuda. Forest Hamilton, woimira kampaniyo ku Los Angeles, atabweretsa ganizo loti athandize chikondwerero cha ku Watts, Bell sanafune kaholo. Anafuna Los Angeles Memorial Coliseum, bwalo limene munachitikira masewero a Olympics mu 1932.

Tisanamizane, panali malonda. Stax inkafuna kutchuka kumadzulo kwa America, inkafuna kujambula chimbale ndi kanema, ndipo kampani yofulula mowa ya Schlitz inaikapo ndalama zake. Ena amati zimenezi zimachepetsa tsikulo. Ine sindiona choncho. Pa sadaka pamakhalanso wogulitsa mandasi, ndipo sadakayo siichepa. Funso n'lakuti pakhomo analipiritsa zingati, ndipo ndalamazo zinapita kuti. Tikiti inali dola imodzi, kuti wosauka asatsale kunja. Ndalama zoposa madola 70,000 zinapita ku ntchito za m'deralo, kuphatikizapo kulimbana ndi matenda a sickle cell, chipatala chatsopano chotchedwa dzina la King chimene chinatsegulidwa chaka chomwecho, ndi chikondwererocho. Ndipo okonza anaumirira kuti olonda m'bwalomo akhale anthu akuda.

Lamlungu pa 20 Ogasiti 1972 anthu oposa 100,000 analowa. Kanema uja amachedwa dala pa nkhope zawo, ndipo ndi bwino kuti amatero. Tsitsi la afro lotukuka ngati chisa cha njuchi, mabuluku otambalala kumiyendo, zipewa zazikulu, madiresi ofupika, malaya a dashiki, agogo atanyamula zakudya m'mabasiketi, makanda ali pamapewa a abambo awo. Aliyense anatchena ngati akupita kuukwati. Kwa zaka 7 dziko lonse linkadziwa Watts kudzera m'zithunzi za anthu othamanga ndi katundu wakuba ndiponso mitembo pamsewu. Tsiku limeneli anthu anabwera kudzaonedwa mmene ankadzionera okha.

Kim Weston anaimba nyimbo ya fuko la America. Kamera imayenda m'mipando: anthu ali chikhalire, ena akudya, ena akucheza, ena angoti duu. Palibe akukuwiza, palibenso akuimirira. Kenaka mayi yemweyo anaimba "Lift Every Voice and Sing", imene James Weldon Johnson analemba mu 1900, mchimwene wake n'kuipekera maimbidwe, ndipo oyamba kuiimba anali ana asukulu 500 ku Jacksonville. Akuda a ku America amaitenga ngati nyimbo ya fuko lawo. Bwalo linaimirira. Sindidziwa njira ina yofotokozera bwino mmene munthu amakhalira mlendo m'dziko lobadwira kuposa mphindi zochepa zimenezi.

M'busa Jesse Jackson, wa zaka 30 pa nthawiyo, yemwe analipo pa Lorraine Motel tsiku lija, anaima pa nsanja atavala dashiki, Al Bell ali pambali pake, onse zibakera m'mwamba. Anayamba kutsogolera mawu ngati mmene amachitira wotsogolera nyimbo pa dambwe kapena mu kwaya, iye kuponya, khamu kuvomera. Ndinkawamasulira amalume pang'onopang'ono: kaya ndine wosauka, ndine munthu, kaya ndikudya za chithandizo cha boma, ndine munthu, ndine wakuda, ndine wokongola, ndiyenera kulemekezedwa.

Apa Chichewa chimaposa Chingerezi. Ife tikati "uyu ndi munthu" sitinena za miyendo iwiri. Tikunena kuti ali ndi umunthu, amawerengedwa pamudzi, maliro ake anthu adzagonera. Tikafuna kunyoza kotheratu timati "si munthu ameneyu", kapena timamuika m'gulu la zinthu, "chimenechi". Parker anawaika m'gulu la nyama. Ndiye anthu 100,000 akuyankha pamodzi, ndipo pamodzipo ndi pamene pali nkhani, chifukwa kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Ukanena wekha m'chipinda kuti ndine munthu, ukudzitonthoza chabe. Ukanena wina n'kukuvomera, zatheka.

Amalume anandigwira dzanja kuti ndiimitse kanema. Anakhala chete kanthawi. Kenaka anati, "Mphwanga, kumgodi ankatiitana ndi nambala. Zaka zonse zija kapitawo sanandifunsepo dzina." Sanaonjezere china, ndipo ine sindinafunse.

Nyimbo zinatenga maola pafupifupi 7. Banja la Staple Singers, bambo ndi gitala lawo lonjenjemera ndi mawu a mwana wawo Mavis ochokera pansi pamimba. Albert King ndi blues. Carla Thomas, Eddie Floyd, Rance Allen ndi nyimbo zauzimu zovinika. A Bar-Kays atsopano, omangidwa pa anthu awiri otsala a gulu lija, atavala zoyera zonyezimira. Ndikudutsa mwachangu chifukwa ndikufuna ndifike pa kapinga.

Usiku wa Loweruka m'bwalomo munali mpira wa timu ya Los Angeles Rams, choncho nsanja inamangidwa usiku womwewo mpira utatha, pakati pa bwalo. Eni bwalo analamula kuti anthu asaponde kapinga. Oonera anali m'mipando kuseri kwa mpanda, oimba ali kutali pakati, ndipo pakati pawo panali bwalo lobiriwira lopanda munthu. Kwa anthu ozolowera kuuzidwa malo oti asapondepo, mpanda umenewo unali wodziwika bwino.

Ndiye anakwera Rufus Thomas. Anali ndi zaka 55, bambo ake a Carla uja. Anayamba ali mnyamata kuvina m'magulu oyendayenda a m'matenti, anagwira ntchito zaka zoposa 20 pa fakitale yoyeretsa nsalu uku akuulutsa mawu pa WDIA, wailesi ya ku Memphis imene inali yoyamba ku America kupereka mapulogalamu ake onse kwa omvera akuda. Anatulukira atavala chofunda chapinki, n'kuchivula, kuonetsa kabudula wapinki ndi majombo oyera ofika m'mawondo. Atayamba nyimbo yake ya kavinidwe kotsanzira nkhuku, anthu analephera kupirira. Oyamba analumpha mpanda, ena n'kutsatira, ndipo posakhalitsa kapinga yense anadzaza anthu akukupiza zigongono ngati mapiko.

Taimani pamenepa muganize mmene zikanathera. Mzinda ndi womwe uja. Khamu la akuda laswa lamulo, lalumpha mpanda, likuthamangira kumene laletsedwa. Zaka 7 m'mbuyomo yankho la mzindawu pa chinthu chotere linali mfuti ndi asilikali 14,000. Wapolisi mmodzi wamantha akanangokweza chibonga, nkhani ya tsikulo ikanakhala ina, ndipo manyuzipepala akanalemba kuti tinanena ife.

Mdala uja sanakalipe. Nyimbo itatha anayamba kuwalankhula mwanthabwala, mawu ake akugwa molingana ngati ndakatulo, kuwauza kuti kulumpha mpanda n'kopanda nzeru, kuti mphamvu ndi za anthu, ndiye anthuwo abwerere m'mipando. Ankaloza mmodzimmodzi, uyu wa malaya akuti, uyo wa chipewa chakuti, ngati agogo amene akudziwa mdzukulu aliyense. Anthu anaseka, natembenuka, nayamba kukwera masitepe. Panatsala mwamuna mmodzi ndi ambulera yake yopindikira m'mwamba, akuvina yekha pakati pa bwalo, kukana kuchoka. Rufus anamuseka mwachikondi mpaka bwalo lonse linafa nalo phwete, kenaka anapempha anthu omwewo kuti amuchotse mbale wawoyo. Anamuchotsa. Kapinga anatsala mbee, popanda wovulala.

Ichi ndicho chimene ndimabwererako nthawi zonse. Anthu aja sanamvere chifukwa choopa. Anamvera chifukwa wolankhulayo anali wawo, anali atangowavinitsa kumene, ndipo anawalankhula ngati anthu oti akhoza kumva. Pamaliro kwathu mkulu mmodzi amaimirira n'kunena kuti "Zikomo kumeneko, tatiyeni tikhale pansi," ndipo anthu mazana amakhala, popanda chikwapu. Ulamuliro wotere munthu sabwera nawo kuchokera kunja. Umachokera pa zaka zimene wakhala akulira nawo ndi kuseka nawo anthuwo. Lipoti la McCone linali ndi masamba ambiri ofotokoza chimene chinavuta ndi anthu a ku Watts. Mphindi zochepa za mdala wa kabudula wapinki zinaonetsa kuti chovuta sichinali mwa iwo.

Kanemayo anatsogolera ndi mzungu, Mel Stuart, koma ambiri mwa ojambula anali akuda, ndipo iwo ndi amene analowa m'malo ometera, m'malesitilanti ndi pamakhonde kukatola macheza a anthu wamba okhudza chikondi, apolisi, ntchito ndi Mulungu, pamene Richard Pryor ankalumikiza zonsezo ndi nthabwala zoluma. Oimba ena amene nthawi inawathera pabwalo anakawajambulira kwina. Atsikana atatu apachibale otchedwa The Emotions anawajambula m'katchalitchi kakang'ono ka Baptist, akuimba za Yesu akuletsa namondwe, amayi akugwa ndi mzimu m'mabenchi. Pamenepo amalume anang'ung'udza nawo. Matchalitchi otere si achilendo kwa ife: ndi a mtundu womwewo amene anathandiza John Chilembwe ataphunzira ku Lynchburg ku Virginia, n'kutumiza Landon Cheek ndi Emma DeLaney kudzagwira naye ntchito ku Mbombwe.

Kutada, Isaac Hayes analowa m'bwalo pagalimoto, njinga zamoto zili patsogolo. Linali tsiku lake lobadwa, akukwanitsa zaka 30, ndipo miyezi inayi m'mbuyomo anali atalandira mphoto ya Oscar chifukwa cha nyimbo ya mu kanema wa Shaft. Jackson anamuvula chipewa, mutu wampala uja n'kung'anima, ndipo chofunda chitachoka anaonekera atavala maunyolo agolide pachifuwa chopanda malaya. Mdzukulu wa akapolo, wokulira m'minda ya thonje ku Tennessee, atasandutsa unyolo kukhala chovala chaufumu.

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pamenepo. Koma ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Mgwirizano wa Stax ndi kampani ya CBS wogulitsa zimbale unasokonekera, banki ya Union Planters inafuna ngongole zake, ndipo mu Disembala 1975 kampaniyo inagwa chifukwa cha ngongolezo, posakhalitsa n'kutsekedwa. Nyumba ya pa McLemore Avenue inagwetsedwa mu 1989, ngakhale pamalopo anadzamangapo nyumba yosungiramo mbiri ya Stax mu 2003. Ku Los Angeles mafakitale a matayala a Goodyear ndi Firestone komanso a galimoto a General Motors ku South Gate anatsekedwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndi kuchiyambi kwa ma 1980, n'kupita ndi ntchito zimene zinkadyetsa mabanja. M'malo mwake munalowa mankhwala ozunguza bongo ndi magulu a zigawenga. Pa 29 Epulo 1992, khoti litamasula apolisi anayi amene anajambulidwa akumenya mwamuna wakuda, Rodney King, mzindawo unayakanso, ndipo ulendo uno anafa anthu oposa 60. Nyimbo sizinamange fakitale, sizinasinthe wapolisi. Amene amanena kuti luso limachiritsa zonse sanakhalepo ndi lendi yoti alipire.

Komabe pali kanthu kamene kanachitika ku Watts tsiku limodzi chigamulo cha 1992 chisanaperekedwe. Anyamata a magulu a zigawenga a Crips ndi Bloods a m'nyumba za boma za m'deralo, amene anakhala akuphana kwa zaka zambiri, anagwirizana zosiya nkhondo. Palibe boma limene linawaitanitsa. Anakhala pansi okha, akuluakulu a m'dera ali pakati, ndipo kuphana kunatsika kwa zaka zingapo. Ambiri mwa iwo mu 1972 anali makanda kapena anali asanabadwe. Sindikunena kuti Wattstax ndi imene inabala mgwirizanowo. Ndikungoona kuti ndi luso lomwe lija la pa kapinga, la anthu otha kudziletsa okha wolankhula akakhala wawo, ndipo luso lotere limasungidwa ndi kupatsirana pamene anthu akusonkhana, kudya ndi kuimba pamodzi.

Kanema atatha, mayina akuyenda pagalasi, ndinafunsa amalume ngati akhutira kumuona Mose wawo. Anagwedeza mutu, koma maganizo awo anali kwina. "Tabwezera pa mdala uja," anatero. Ndinabwezera. Anasendeza mpando kufupi chifukwa maso anali atayamba kuchita chifunga, ndipo tinaoneranso anthu aja akutembenuka mmodzimmodzi, atsikana akukokana manja pokwera masitepe, mnyamata wina akuthandiza mnzake kudutsa mpanda womwe anaulumpha, wa ambulera uja akuvinabe yekha pakati pa bwalo.